Mmene Ndinaphera Abambo ndi Bulauzi Yobwereka

Anzanga, pali kudikira kwina kumene kumapengetsa munthu, ndipo kudikira kukayamba sukulu ya unamwino ndi koteroko. Mayeso ndinakhoza, malo anandipatsa, koma anati tiyamba chaka chamawa, ndiye ine ndinangokhala kwathu ku Nsaru kuno, kuswa mtedza, kutunga madzi, ndi kuyankha funso limodzi lomwelo pa mjigo m'mawa uliwonse: "Kodi anesi, simunapitebe?" Anesi ake ati, poti ngakhale jakisoni ndinali ndisanamugwirepo!

Ndiye ndinaganiza kuti podikirapo ndikachiteko kakosi kakafupi ku tauni, ndipezeko kasetifiketi kotsekera anthu pakamwa. Makosi ake analipo awiri. Ina inali ya wothandiza anamwino, kutsuka mabala, kusambitsa odwala, kuwatembenuza pabedi. Inayo inali ya wothandiza kugawa mankhwala, uja amakhala kuseri kwa kawindo n'kumangoti awiri m'mawa, awiri madzulo. Ndikadzuka ndinkafuna ya mabala, pofika masana ndasintha ndikufuna ya mankhwala, madzulo ndabwereranso, mpaka abambo, amene ndi mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, anatopa nane.

"Chifuniro, mapanga awiri avumbwitsa," anatero. "Imbira azakhali ako akuthandize, ife makutu atopa."

Azakhali angawo ndi namwino pa kachipatala kena kumpoto kwathu kuno. Pafoni sanachulutse gaga m'diwa. "Ubwere Lachiwiri udzaone ntchito zonse ziwiri ndi maso ako, kenako usankhe. Uvale mooneka bwino."

Mooneka bwino! Ine m'mutu mwanga munthu wa kuchipatala wooneka bwino ndi wovala zoyera basi. Ndinafudukula zovala zanga zonse, choyera chinalipo ndi sokosi imodzi. M'nyumba monse chovala choyera chenicheni chinali chimodzi, ndipo chinali m'sutikesi pansi pa bedi la amayi, chokutidwa ndi chitenje ngati khanda: bulauzi yawo ya Chigwirizano.

Inu amene munakulira mu mpingo wathu mukudziwa kuti bulauzi imeneyo si chovala wamba. Amayi a Chigwirizano amavala bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda, ndipo amavala Lachinayi pa msonkhano wawo, pa zochitika zikuluzikulu za mpingo, ndi pa maliro. Mwana sakhudza, mwamuna sakhudza. Ndiye tsoka lake, Lachinayi la sabata lomwelo amayi anga, aNankhoma, anali atasankhidwa kulalikira koyamba pa msonkhano waukulu wa amayi ochokera m'nyumba zonse za mapemphero. Anali atadikira mwayi umenewu zaka ndi zaka. Bulauziyo anali ataichapa kale, kuisita ndi nsimbi ya makala uku akuuzira phulusa kumbali kuti lisagwerepo, ndipo ulaliki wawo ankauyeserera kudimba, kulalikira kabichi mpaka kabichiyo kutsala pang'ono kulapa.

Koma ine ndinati, nanga vuto lili pati? Ndiitenga Lachiwiri m'mawa amayi akapita kudimba, ndibweza dzuwa lisanalowe, ndiipinda mmene inalili. Kodi bulauzi imayankhula?

Lachiwiri lija amayi atangonyamula kheni yawo yothirira, ine ndinagwada pansi pa bedi. Ndinavala bulauzi ija, inandikwana ngati anasokera ine. Siketi yabwino ndinali nayo imodzi yokha, yakuda. Kumutu ndinafuna kakepu kaja ka anamwino, ndiye poti sutikesi inali yotsekula kale, ndinatenganso duku loyera n'kulimanga mwa nzeru zanga. Pomaliza ndinavala kamasiki kabuluu kamene kanatsala nthawi ya mliri ija, kuti ndioneke wa zachipatala kwenikweni. Nditadziyang'ana pa kagalasi ndinaona namwino wamkulu. Bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda, ine osaona chilichonse chachilendo! Maso ndinali nawo, koma anali atapita kale ku sukulu ya unamwino.

Abambo masiku amenewo ankadwala malungo, moti Lamulungu anajomba kutchalitchi, chinthu chimene sichichitikachitika, ndipo kutchalitchiko anawapempherera powatchula dzina. M'mawa umenewo anali atamwa mankhwala n'kugona tulo tofa nato. Ine monga mwana wabwino, namwino wamawa, ndinawatsekera makatani onse, kutseka chitseko bwinobwino, n'kutuluka mwakachetechete nditazolika kuti aneba asandizindikire.

Pamphambano ndinapeza a Lufeyo, a kabaza wa njinga yamoto, bambo amene amandidziwa kuyambira ndili wakhanda ndipo masiku onse amanditcha kamwana ka Aphunzitsi. Tsiku limeneli atandiona anadzuka pa njinga, kuvula chipewa, n'kugwira m'manja.

"Mayi, mwatulukira pakhomo pa Aphunzitsi paja, eti?"

"Eee," ndinayankha ndi mawu okhuthala, kuopa kudziwika.

"Aaa. Pepani, mayi. Pepani kwambiri. Kwerani, ine lero sindikulipiritsani ayi."

Apa m'pamene ndinazindikira. Mayi wa yunifolomu ya Chigwirizano, Lachiwiri m'mawa, akutuluka mozolika pa nyumba ya munthu wodwala, makatani otseka. Kwathu kuno ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kukuwerengerani samu imeneyi. Munthu wanzeru akanavula kamasiki n'kunena kuti a Lufeyo, ndine Chifuniro, abambo ali gwa. Koma ine ndinaganiza za zigege za pa msika zimene ndikanagula ndi ndalama ya ulendoyo, ndipo ndinakwera.

Njira yonse a Lufeyo ankayendetsa pang'onopang'ono, hutala osaimba. "Ndinamva Lamulungu akuwapempherera," ankatero. "Anali munthu wabwino Aphunzitsi. Ankatimenya, koma anali munthu wabwino." Ine ndinangousa moyo kwambiri, hmmm, n'kupukuta diso limene linalowa fumbi. Ndinkadziuza kuti sindinaname, nanga kuusa moyo ndi bodza? Tikadutsa anzawo a kabaza iwo ankangopukusa mutu, anzawowo n'kuvula zipewa, ine kumbuyo mtima uli m'malo, ndikumva kukoma ngati nduna. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kuchipatala nkhani inakula. Ndisanafunse n'komwe kumene kuli azakhali, amayi odikirira odwala anaimirira n'kuyamba kundigwadira.

"Takulandirani, mayi. Mwabwera kudzationa? Ambuye akudalitseni. Yambirani muno, muli agogo athu."

Anandigwira dzanja, kundikokera mu wodi ya azibambo, ine miyendo ikungotsatira. Agogo aja anali chigonere, maso ali kudenga. Atatembenuka n'kuona zoyera zija zaima pamutu pawo, anadzambatuka ngati mnyamata, bulangeti uko.

"Iyayi, iyayi! Mwafulumira, mayi! Ine ndikadali moyo, phala ndamwa m'mawa uno, funsani awa!"

Odikirira aja anawakhazika mtima pansi kuti mayiwa angobwera kudzapemphera, ndipo wodi yonse inatseka maso. Abale inu, ine mwana wa mkulu wa mpingo, wokulira pa mapemphero a m'mawa ndi madzulo, mutu unangoti mbee. Pemphero limene linabwera pakamwa linali limodzi lokha, lija la pa chakudya. Ndinathokoza Ambuye chifukwa cha chakudya chimene tili pafupi kulandira, ndinadalitsa manja amene akonza, ndinapempha kuti chikatipatse mphamvu m'matupi mwathu. Nditati ameni, wodi yonse inatsekula maso n'kuyamba kuyang'ana m'manja mwanga, ena kusuzumira pakhomo kuti mwina madengu akubwera m'mbuyo. Agogo aja anali atatulutsa kale mbale.

Amene anandipulumutsa ndi azakhali. Anaima pakhomo la wodi, kundiyang'ana kuyambira ku duku mpaka ku nsapato, kenako anabwera n'kukoka kamasiki kaja ndi chala chimodzi.

"Chifuniro! Walowa liti Chigwirizano iwe? Ukwati wake unachitika liti osatiitana?" Anagwira kolala n'kuitembenuza. "Iyi si bulauzi ya alamu anga iyi? Akudziwa?"

"Ndibweza madzulo, azakhali."

"Mwana iwe uli ndi chiwindi. Vula dukulo, ukuopseza odwala. Ndipo vala epuloni iyi pamwamba."

Epuloniyo inali ya pulasitiki, yobiriwira, yofika m'mapazi, yonga ya anthu opha ng'ombe. Ine ndavutika chonsechi kuti ndioneke woyera, ndiye ndidzibise m'thumba la feteleza? Ndinati zikomo azakhali, ine ndimasamala, n'kuikoleka pa msomali.

Tinayambira ku kawindo ka mankhwala. Ndinathandiza kuika mapiritsi m'timapepala, kuitana mayina, kubwereza awiri m'mawa awiri madzulo mpaka lilime kuuma. Palibe chimene ndinalakwitsa, koma mumtima ndinainyoza ntchitoyo. Ndinauza azakhali kuti imeneyi ndi ntchito ya wogulitsa mu okala, ine ndinabadwira mabala, ndikufuna kugwira anthu ndi manja angawa.

"Chabwino, anesi," anatero azakhali akumwetulira mwa mtundu wina. "Tiyeni ku mabala."

M'kachipinda kotsukira mabala munali bambo wina, mlimi wa fodya, atakwinya buluku mpaka m'ntchafu, ali ndi chithupsa chachikulu ngati njere ya mango. Azakhali anandipatsa thireyi, pamwamba pake pali thonje, bandeji, ndi botolo lotsekula la jivi, mankhwala aja opaka pa zilonda amene mwana akapakidwa pakamwa amayenda sabata yonse milomo ili ngati maluwa a jakaranda.

"Iwe ungogwira thireyi basi," anatero azakhali.

Ndinagwira monyadira, chifuwa patsogolo, ndipo ndinasendera pafupi kuti ndiphunzire bwino. Azakhali anacheka pang'ono, n'kufinya. Zimene zinatuluka mmenemo sindinena, mwina ena mukudya. Ndimakumbukira kuti khoma linayamba kuyenda, makutu analira, ndipo ndinamva mawu a azakhali akuchokera kutali ngati ali kutsidya la dambo. Basi.

Nditatsitsimuka ndinali chagada pa simenti, miyendo atayikweza pa mpando. Amene ankandikupiza mphepo ndi chipewa chake anali wodwala uja, mwendo umodzi uli ndi bandeji yosamaliza.

"Anesi, limbani mtima," ankatero. "Sizikupweteka kwenikweni ayi. Mwayamba kupezako bwino?"

Ndinafuna kuseka, koma ndinayang'ana pachifuwa. Mayo ine! Botolo lonse la jivi linali litathera pa bulauzi ya amayi, kuyambira pa kolala, kutsika ndi mabatani, mpaka m'chiuno, kwinaku litadontha mpaka ku mkono. Epuloni ija inali pa msomali pomwe paja, youma bwinobwino, ikundiyang'ana.

Ndinathamangira ku mpopi. Ndinayesa sopo, banga linakula. Ndinayesa sipiriti, linafalikira kumsana. Mayi wina wachifundo anandipatsa mandimu, wina anati phulusa, wina anati mchere, ndipo pomaliza bulauzi yonse inali itagwirizana mtundu umodzi, kungotsala kolala yakumbuyo yokha yoyera ngati mboni. Azakhali anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anasiya kuseka.

"Jivi sachoka, mwana wanga. Ndipo Lachinayi ndi mkuja. Pita ukanene wekha asanapeze okha." Anandibwereka chitenje kuti ndifunde.

Pobwerera ndinakwera kabaza wina wosandidziwa, ndipo ameneyu ndinamulipira, zigege zinali zitandichoka mumtima. Njira yonse ndinkakonza mawu okauza amayi. Titafika pokhotera kwathu, mnyamatayo anazimitsa injini n'kutsika. Pamsewu panali patayalidwa masamba, chizindikiro chija cha maliro.

"Tiyende wapansi, pali zovuta," anatero.

"Zagwa kwa yani?"

"Akuti Aphunzitsi aja atisiya m'mawa uno."

Anzanga, musaseke apa, chifukwa ine ndinakhulupirira. Za a Lufeyo zonse zinandichoka m'mutu. Ndinangokumbukira kuti ndinasiya abambo akudwala, ndekha ndinawatsekera chitseko, osawafunsa n'komwe ngati akufuna madzi, chifukwa ndinali pa changu chokadzionetsa. Mtima unandipweteka kuposa tsiku lina lililonse. Ndinathamanga, chitenje cha azakhali chinagwa sindinachitole, ndinalowa pabwalo ndikulira mokweza, "Abambo anga ine! Abambo anga ine!"

Pabwalo panali anthu ndithu, azibambo pansi pa mtengo wa mango, amayi a Chigwirizano mu yunifolomu zawo, mitolo ya nkhuni, timabeseni ta ufa. Koma palibe amene ankalira. Ndipo pakhonde, pa mpando wawo wa ndalema, atafunda bulangeti, kapu ya tiyi ili m'manja, panali malemuwo.

"Nawenso wamva?" anatero abambo. "Pepa, mwana wanga. Zatigwera."

Anthu anaphulika kuseka, kenako kuseka kunazima pang'onopang'ono, chifukwa maso onse anali atafika pachifuwa panga.

Nkhani yake ndinaimva pambuyo pake. A Lufeyo atanditula anabwerera n'kuuza anzawo, anzawo anauza okwera, ndipo aNagama, aneba athu, atamva anabwera n'kupeza makatani otseka, nyumba ili zii, basi anayamba kulira pomwepo osagogoda. Anthu anasonkhana. Abambo anadzidzimuka ndi phokosolo, anatsekula chitseko atafunda bulangeti kumutu n'kufunsa kuti wamwalira ndani, ndipo akuti aNagama analumpha mpanda wa nkhumba, mayi wa zidzukulu zake. Pofika nthawi imene ine ndinkabwera onse anali atadziwa zoona, koma ochokera kutali ankafikabe, ndipo masamba a pamsewu anaiwala kuchotsa.

Amayi anga anatuluka m'nyumba. Pa amayi onse a Chigwirizano amene anali pabwalopo, iwo okha ndi amene anali mu chitenje cha kudimba, matope ali m'miyendo. Anali atamva za mayi wa yunifolomu amene anatuluka pakhomo pawo m'mawa, anali atatsekula kale sutikesi, ndiye panalibe choti ndifotokoze. Ndinagwada. Ndinkayembekezera khofi, ndipo kunena zoona ndinkalifuna, koma iwo anangogwira kolala ya bulauzi ija ndi zala ziwiri, kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Chifuniro," anatero motsitsa mawu, "ine ndathamanga kuchokera kudimba mpaka pano ndili mkazi wamasiye. Bulauzi ndi nsalu. Koma mtunda umenewo sudzandibwezera."

Khofi likanakhala bwino, anzanga. Ndinalira kachiwiri, ulendo uno popanda wondiseka.

Musaganize kuti nkhani inathera pamisozi, amayi anga si munthu wotaya chinthu. Lachinayi anavala bulauzi yobwereka kwa aNagama, yaikulu moti anapinda manja kawiri, ndipo anandilamula kuti ndipite nawo. Tchalitchi chinadzaza, mbiri ya maliro aja inali itakoka ngakhale amene sabwerabwera. Ataimirira kutsogolo anati ulaliki umene anakonza ausiya kudimba, kabichi waumva kale. Kenako anandiitana, kundipatsa bulauzi ya jivi ija kuti ndiitambasule m'mwamba ngati mbendera, n'kulalikira za mmene tchimo limayambira ndi mawu akuti ndibweza madzulo. Akafika pa mfundo ankati, "Kweza, mwana wanga, akumbuyo sakuona." Amayi onse m'tchalitchimo ankayankha ameni mpaka malata kunjenjemera, ndipo mpaka lero amati sanamvepo ulaliki wogwira mtima ngati umenewo. Ine manja anachita dzanzi.

Madzulo ake abambo anandiitana pakhonde. Ufa wa chipepeso uja anali atakana kubweza, ati unali wa maliro awo ndipo mwini maliro ndi iwowo.

"Tsono anesi, mwasankha kosi iti?"

"Sindikudziwa, abambo."

"Ine ndikudziwa. Tsiku limodzi lokha wapha bambo ako, walonjeza wodi yonse chakudya, wakomoka, wodwala n'kukusamalira. Tenga ya kawindo ija. Pakati pa iwe ndi anthu pazikhala mawaya."

Ndinatengadi ya kawindo, ndipo ndikuikonda, awiri m'mawa awiri madzulo. Za unamwino sindinazitaye ayi, chaka chamawa ndikupita, ndiye azakhali amandiitanabe ndikapeza mpata kuti ndizikazolowera mabala, koma thireyi ndimagwira nditakhala pansi, nditavala epuloni yobiriwira ija, botolo lili lotseka. Ku Nsaru kuno dzina langa tsopano ndi Anesi a Jivi, ndipo a Lufeyo akandiona amavula chipewa n'kufunsa kuti lero tikukaika yani.

Ndinalumbira, ndipo ndikubwereza pamaso panu: chovala choyera chimene ndidzavalenso ndi chokhacho chimene adzandipatse ku sukulu, cholembedwa dzina langa pa kolala. Sutikesi ya amayi ngakhale itatseguka yokha n'kundiitana, ine ndidzadutsa ngati sindinamve. Koma abambo sakhulupirirabe. M'mawa uliwonse ndikamatuluka amakweza mawu ali kuchipinda: "Chifuniro, wavala chiyani? Ukakumana ndi anthu panjira uwauze kuti ndadzuka!"